Nyengo ya ku Livingstone: Mvula Yocepa, Mtsinje Wodzaza

Mzinda wa Livingstone, m'cigawo ca kumwera, ndi umodzi mwa madera amene amalandira mvula yocepa m'dziko la Zambia, ngakhale kuti uli pafupi ndi mtsinje wa Zambezi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya.

Pa caka, mzindawu umalandira mvula pafupifupi mamilimita 700, pamene zigawo za kumpoto monga Luapula zimalandira yoposa mamilimita 1,000. Mvula imabwera pamene mphepo yacinyontho yocokera ku Congo yatsikira kumwera. Popeza Livingstone ali kumapeto kwa dziko, mphepoyi imafikako mocedwa ndipo imabwerera msanga.

Dzinja limayamba mu Novembala ndi kutha mu Malici. Mvula yambiri imagwa kucokera mu Disembala mpaka mu Febuluwale, kawirikawiri masana ndiponso ndi mabingu. Koma dothi la kumeneko ndi la mcenga ndipo silisunga madzi, motero ng'amba ya masabata awiri kapena atatu imakwanira kufotetsa cimanga. Ici ndi cifukwa cake alangizi a zaulimi amalimbikitsa mapira, mawere ndi mbewu zoca msanga.

Kucokera mu Meyi mpaka mu Ogasiti ndi nyengo yacisanu. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limawala masana, koma usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10. Kutentha kumayamba mu Sepitembala ndipo kumafika pacimake mu Okutobala, pamene masana amafika madigiri 34 kapena kuposerapo.

Codabwitsa kwa alendo n'cakuti mathithi amadzaza kwambiri ca mu Epulo, mvula italeka kale. Madziwa si a mvula ya ku Livingstone. Amacokera ku Angola ndi cigawo ca kumpoto cakumadzulo, ndipo amacedwa m'zidikha za ku Barotse asanatsike. Mu Okutobala ndi Novembala mtsinje umaphwa, ndipo mbali yaikulu ya mathithi ya ku Zambia imasanduka miyala yokhayokha.

Nyengo inakhudzanso malo amene mzindawu unamangidwa. Azungu oyamba anakhala pa Old Drift, m'mbali mwa mtsinje, koma malungo anapha ambiri, ndipo mu 1905 mzinda watsopano unakhazikitsidwa pamtunda.

Mvula ya kumeneku si yodalirika caka ndi caka, makamaka pa nthawi ya El Niño. Cilala cinavuta mu 1992, mu 2019 ndi mu 2024. Pa 29 Febuluwale 2024 mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco cinali tsoka la dziko lonse. Caka cimeneco madzi anacepa m'nyanja ya Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku.

Alimi akulangizidwa kumvetsera zolengeza za nthambi yoona za nyengo asanabzale, ndi kusathamangira mvula yoyamba.