Kusanza Magazi: Madotolo Atha Kutsegula Njira Yatsopano m'Ciwindi

Munthu akasanza magazi, kapena cimbudzi cake cikada bii ngati phula la pamseu, musataye nthawi kufunsa amene wamulodza. Thamangirani naye ku cipatala. Mwina ndi zilonda za m'mimba, koma mwinanso vuto liri m'ciwindi.

Magazi ocokera m'matumbo ndi m'kapamba amayamba apita m'ciwindi kukasefedwa asanafike ku mtima. Ciwindi cikadzala zipsera ndi kuuma, matenda amene madotolo amati cirrhosis, magaziwo amalephera kupita bwino. Zimene zimaumitsa ciwindi makamaka ndi mowa wa zaka zambiri (kacasu ndi lagala, ciwindi sicisankha) ndiponso hepatitis B ndi C. Kuno kwathu likodzo la m'matumbo nalonso limatseka njira ya magazi m'ciwindi.

Anthu a m'komboni mudziwa zimene zimacitika ngalande ikatsekeka ndi zinyalala m'nthawi ya mvula: madzi amafuna pothawira, nalowa m'nyumba. Magazi nawonso amathawira m'timitsempha tating'ono ta kunsi kwa mmero, pafupi ndi cifu. Timitsempha timeneti timatupa, ndipo tikaphulika munthu atha kufa tsiku lomwelo.

Coyamba wodwala amamuika magazi ndi kumupatsa mankhwala. Kenaka amalowetsa kapaipi ka kamera kukhosi ndi kumanga mitsempha yotupayo ndi timalabala, monga acitira ku UTH mu Lusaka. Mapiritsi a propranolol amathandiza kuti magazi asabwerenso.

Zimenezi zikakanika, pamatsala kukumba ngalande ina, imene madotolo amaicha shunt. Nzeruyi ndi yakale: Nikolai Eck wa ku Russia anaiyesa pa agalu m'caka ca 1877. Mu 1967 dotolo wa ku America, Dean Warren, anayambitsa opaleshoni yolumikiza mtsempha wa kapamba ndi mtsempha wa impso yakumanzere. Koma kung'amba pamimba munthu amene ciwindi cake catopa kale ndi ngozi yaikulu.

Masiku ano njira yodziwika kwambiri ndi TIPS, imene inayamba kuyenda bwino pa anthu mu 1988 ku Freiburg m'dziko la Germany. Sang'amba pamimba ai. Dotolo amalowera pa mtsempha wa m'khosi, natsika mpaka m'ciwindi akuyang'ana pa X-ray, ndi kusiyamo kapaipi ka waya kotambalala mamilimita 8 mpaka 10. Magazi akapeza podzera, mitsempha ya kummero imaphwa. Nchitoyi imacitika m'zipatala zikuluzikulu zokha zimene ziri ndi akatswiri ake.

Koma apa pali cimene a pabanja ayenera kumvetsa. Magazi odzera m'kapaipi sasefedwa, motero zoipa zocokera m'matumbo zitha kufika ku ubongo. Wodwala amayamba kuiwalaiwala, kugona masana ndi kukhala maso usiku, manja kunjenjemera, mwina kulankhula zosamveka. Si misala, ndipo si kuledzera. Inu amene mukhala naye ndinu muyamba kuona zimenezi, ndipo mumubwezere msanga ku cipatala. Mankhwala a lactulose amathandiza, malinga wodwala azipita ku cimbudzi kawiri kapena katatu pa tsiku.

Kapaipiko katha kutsekekanso, n'cifukwa cake wodwala amaitanidwa kukaunikidwa pamimba. Ndipo ciwindi comwe sicicira ndi kapaipi. Mowa auleke ndithu, ngakhale cibuku ca pamaliro. Mutu ukamuwawa musamugulire aspirin, brufen kapena diclofenac pa kantemba, cifukwa mankhwala amenewa atha kuyambitsanso kutaya magazi ndi kuononga impso.