Njinga yamagetsi ikamalira m'nyengo yacisanu

Ana inu, nonse mumaidziwa njinga. Ena mumabwera nayo kusukulu. Ena mumanyamulirapo cimanga kupita kucigayo. Mumadziwanso kuti njinga ili ndi mau ake. Cheni yopanda mafuta imati tswii tswii. Madigadi ogwedera amati gwede gwede. Mwini wake akangomva, amadziwa pogwira.

Lero tiphunzira za njinga ya mtundu wina, njinga yamagetsi. Njinga zotere ndi zambiri ku China ndi ku Ulaya, ndipo zafikanso m'mizinda ina ya muno mu Afirika. Zili ndi mapedulo, cheni ndi mabuleki monga njinga ya kwathu. Koma zili ndi zinthu zina zitatu. Coyamba ndi batire, limene limasunga magetsi. Mabatire ambiri ndi a mavoti 36 kapena 48. Caciwiri ndi kainjini kamagetsi, kamene amisiri amakacha mota. Pa njinga zambiri mota imakhala pakati pa gudumu. Pa zina imakhala pamapedulo. Cacitatu ndi kabokosi kolamulira, kamene kamagawira mota magetsi ocokera m'batire. Mota imathandiza munthu kupalasa, makamaka pamtunda. M'maiko ambiri a ku Ulaya lamulo limati mota ya njinga wamba ikhale ya mawati 250, ndipo ileke kuthandiza liwiro likafika makilomita 25 pa ola.

Tsopano tiyerekeze. Mnyamata wa ku Tsangano wapita ku Johannesburg. Kumeneko wapeza ganyu yoperekera anthu cakudya kunyumba zao ndi njinga yamagetsi. Mzinda umenewu uli pamwamba, mamita oposa 1700 kucokera panyanja yamcere. M'mwezi wa Juni ndi Julayi kumazizira ngati kwathu ku Angónia, mwina kuposa. Usiku wina kuzizira kumafika pa madigiri 0, pamene madzi amaundana. Mu Julayi 2023 kunagwa ngakhale cipale cofewa.

M'mawa mnyamatayo akwera njinga. Gudumu lakumbuyo liyamba kulira. Dzuwa likakwera, phokoso lija lizimirira. Masana apita nayo kwa makaniko. Makaniko aikwera, azungulira nayo, abwerako.

— Acimwene, njinga yanuyi ilibe vuto.

Mawa lake m'mawa, phokoso lija ndi ilo. Anzake amuuza kuti mota yatha, agule ina. Koma mota yatsopano ingadye ndalama za ganyu ya masiku ambiri, ndipo kumudzi akudikira kuti atumize ya feteleza. Akangoileka, mwina njinga idzamufera pamseu, kapena kumugwetsa pakati pa magalimoto. Acite ciani?

Asanamasule nati ngakhale imodzi, afunse funso ili: kodi phokosoli limabwera nthawi yanji, ndipo limaleka nthawi yanji? Phokoso lobwera ndi kupita limasautsa, koma kubwera ndi kupita kwakeko ndiko kumaulula gwero lake. Ngati limabwera m'mawa n'kuleka masana, tiyambe tafunsa zimene cisanu cimacita panjinga.

Girizi akalimba

Munaonapo mafuta a nkhumba m'mbale m'mawa wa Juni? Amakhala olimba, oyera. Mukawaika padzuwa amasungunuka. Uci umacitanso cimodzimodzi: kukazizira sutsika msanga pasupuni.

M'kati mwa mota zambiri za pagudumu muli timagiya titatu ta pulasitiki yolimba yochedwa nayiloni. Timagiyati timazungulira giya yacitsulo ya pakati. Kainjini kamazungulira pafupifupi kasanu kuti gudumu lizungulire kamodzi. Mano a timagiyati amapakidwa girizi. Kukazizira girizi amalimba ngati mafuta aja, ndipo safika bwino m'mano monse. Ndiye mota imalira wiii mokweza kuposa masiku onse. Ikayenda mphindi khumi kapena kuposerapo imatenthera, girizi amafewa, phokoso limatsika.

Phokoso lotere si matenda akulu. Koma mwini njinga asaikakamize. Nayiloni ikazizira kwambiri sicedwa kuthyoka. Ayambe wapalasa ndi miyendo, mota aipatse mphamvu yocepa, ndipo aonjezere pang'onopang'ono. Inunso simuthamanga liwiro mutangodzuka pamphasa.

Pambali pa timagiya paja pali kacitsulo kena kamene kamagwira mbali imodzi yokha, monga cimacitira cifuliwilo ca njinga ya kwathu. Girizi akalimba kwambiri, kacitsuloka kamacedwa kugwira. Mota imalira yokha gudumu osakokedwa, kenaka imagwira mwadzidzidzi kuti gu! Zikamacitika kawirikawiri, kapena kulira kukasanduka kukukuta kumene sikuleka ngakhale masana, mota itsegulidwe. Girizi wakale acotsedwe, mano aonedwe, apakidwe girizi watsopano woyenerana ndi pulasitiki ndiponso wosalimba msanga ndi cisanu. Timagiya totha mano timagulidwa patokha. Sikufunika kugula mota yonse.

Pali mota zina za pagudumu, zazikulu ndi zolemera, zimene zilibe magiya konse. Ngati njinga ili ndi mota yotere, girizi wa magiya tisamunamizire.

Mwina si mota

Apa ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama. Phokoso likamacokera kumbuyo, onse amaloza mota cifukwa ndiyo yacilendo. Amaiwala kuti pagudumu lomwelo pali masipoko, mabuleki, madigadi ndi kaliyala.

Zitsulo zimafupika pang'ono zikazizira. Ndodo ya aluminiyamu yotalika mita imodzi, ikazizira ndi madigiri 10, imafupika ndi gawo limodzi mwa magawo anai a milimita, kapena kucepera pang'ono. Ndodo yacitsulo imafupika theka la pamenepo. Ndi pang'ono zedi, maso sangaone. Koma limu ya gudumu ndi ya aluminiyamu, pamene masipoko ndi acitsulo. Sipoko imene inali yomasuka kale ingathe kumasukirako, n'kumati ting'i ting'i mota ikamakoka. Bauti ya madigadi imene inagwira mosakhwima imayamba kugwedera. Njinga zambiri zamagetsi zili ndi buleki ya kambale kacitsulo, ndipo mpata wa pakati pa kambaleko ndi zogwirira zake ndi wocepa kwambiri. Kambale kakapindika pang'ono kamakhula kamodzi paulendo uliwonse wa gudumu. Kakanyowa ndi mame kamalira pogwira buleki mpaka kataumanso.

Nanga tingasiyanitse bwanji? Njira yake ndi yosavuta. M'mawa momwemo, phokoso lidakalipo, zimitsani magetsi ndi kupalasa ndi miyendo yokha. Ngati phokoso lilipobe, magetsi alibe mlandu. Kenaka lekani kupalasa, njinga iziyenda yokha. Likaleka, funani ku cheni ndi kumapedulo. Likapitirira, lili pagudumu. Tsikani, nyamulani gudumu, lizungulitseni ndi dzanja, mumvetsere. Finyani masipoko awiriawiri kuti mupeze yofewa. Koma ngati phokoso limamveka pokhapokha magetsi akayatsidwa, pamenepo tibwerere ku mota ndi mawaya ake.

Amai atatu pamtondo umodzi

Munaonapo amai atatu akusinja mumtondo umodzi? Misi imatsika motsatana, wina akakweza wina akutsitsa. Mmodzi akangophonya nthawi yake, misi imagundana ndipo mphale imatayika.

Mota imagwira nchito motero. Kabokosi kolamulira kamatumiza magetsi m'mawaya atatu onenepa, kawirikawiri acikasu, obiriwira ndi abuluu, motsatanatsatana. Waya aliyense ali ngati munsi umodzi. M'mota zambiri mulinso timaso titatu tamagetsi timene timaona pamene maginito afika, ndi kuuza kabokosi kuti tsopano ndi nthawi ya waya wakuti. Timasoti tili ndi timawaya take ting'onoting'ono tisanu.

Mawaya onsewa amakumana papulagi imene imakhala pafupi ndi gudumu, pamene matope ndi madzi amafika. Cisanu cimaumitsa mphira wa pulagi. Pulagi imene sinalowe mpaka kumapeto imayamba kugwira ndi kutaya. Cinyezi cimalowanso. Njinga yozizira ikalowa m'cipinda cofunda, madzi amatuluka pazitsulo monga amacitira pabotolo la madzi ozizira. Usiku madziwo akaundana amafufuma ndi magawo 9 pa 100 alionse, ndipo amakankha zimene ayandikana nazo. Ku Britain ndi maiko ena acisanu amathira mcere m'miseu kuti madzi asaundane, ndipo mcerewo umadyetsa dzimbiri timano ta pulagi.

Waya mmodzi akataya, mota siilira wiii ai. Imabangula grrr, imanjenjemera, imakoka modukizadukiza, makamaka ponyamuka. Phokoso ili ndi losiyana ndi la girizi, ndipo silofunika kulipirira. Munthu akaumirira kuyenda, mawaya amatentha ndipo kabokosi kangathe kupsa. Azimitse njinga, acotse batire. Asolole pulagi molunjika, osaipotokola. Aone ngati muli madzi, dzimbiri lobiriwira, kapena kamano kopindika kapena kakuda ndi moto. Aiumitse bwino. Pobwezera, timivi tiwiri tojambulidwa papulagi tiyang'anizane, ndipo aikankhe mpaka ifike pamzere wake. Ayang'anenso pamene waya amatulukira mu ekiselo, cifukwa pamenepo ndi pamene amakonda kusupuka. Potsuka njinga asaithire madzi a mpope wamphamvu. Nsanza yonyowa ndi yokwanira.

Batire nalo limamva cisanu

Batire la lifiyamu likazizira limatulutsa magetsi mwaulesi. Pamalo athyathyathya sizioneka. Pamtunda, pamene mota ikufuna magetsi ambiri, mphamvu ya batire imagwa mwadzidzidzi. Kabokosi kamaona ngati batire latha, ndipo kamadula magetsi. Mphamvu ikabwerera kamayatsanso. Wokwera amamva mota ikugwira ndi kutaya, ndipo timagetsi tosonyeza batire timatsika pamtunda n'kukweranso akaima. Batire lokalamba limacita zimenezi koposa.

Mankhwala ake ndi kugoneka batire m'nyumba, osati panja pamodzi ndi njinga. Koma mverani bwino apa. Batire la lifiyamu lisachajidwe lili lozizira kufika pa madigiri 0 kapena kutsika apo, cifukwa limaonongeka m'kati ndipo kuonongekako sikukonzeka. Likacokera panja pozizira, lidikire ola limodzi kapena awiri m'cipinda. Lisaikidwe pafupi ndi mbaula kapena moto kuti lifunde msanga. Batire lotupa, long'aluka kapena lonunkha lisachajidwenso, ndipo mwana asayese kulitsegula. Moto wa batire lotere ndi wovuta kuzimitsa.

Pali maphokoso awiri amene cisanu cimangowaulula, koma ciyambi cake ndi cina. Loyamba ndi la mabering'i, timipira tacitsulo timene gudumu limazungulirapo. Madzi akalowamo timacita dzimbiri, ndipo timalira khrrr mokulirakulira liwiro likamakwera. Gwirani gudumu ndi manja awiri, muligwedeze cam'mbali. Likamagwedera, mabering'i atha kapena manati amasuka. Laciwiri ndi kugogoda kamodzi, go, ponyamuka kapena pogwira buleki. Kawirikawiri ndi manati a ekiselo. Mota imapotokola ekiselo mwamphamvu. Manati akamasuka, ekiselo imatembenuka m'malo mwake, imadula mawaya, ndipo gudumu lingathe kuguluka njinga ikuyenda. Munthu akamva kugogoda kotere atsike, atenge sipanala, amange manati asanapitirire ulendo.

Tibwerere kwa mnyamata wathu uja. Masiku atatu iye wamvetsera. Waona kuti akazimitsa magetsi njinga imakhala cete. Akayatsa imabangula ponyamuka, ndipo imanjenjemera. Wajambula phokosolo pafoni. Madzulo apita kwa makaniko, amumvetsa, ndi kupempha kuti njinga igone panja pa shopu kuti aiyese m'mawa kusanafunde.

M'mawa makaniko anyamula gudumu, ayatsa mota. Atenga sukuludiraiva yaitali, nsonga aigunditsa pa ekiselo, cigwiriro aciika kukhutu, manja ndi malaya ali kutali ndi masipoko. M'kati simukumveka kukukuta. Kenaka agwedeza waya wa mota pang'ono. Kubangula kuja kuleka, kuyambanso.

— Mwamva, acimwene? Mota yanu ili bwino. Taonani pulagiyi, sinafike pamzere. Munacotsapo gudumuli?

— Inde, bambo. Mwezi watha, pomata cubu.

Zocita

Mawa m'mawa, dzuwa lisanatuluke, pemphani njinga ya kwanu kapena ya mnansi. Itembenuzeni cagada. Zungulitsani gudumu lakumbuyo ndi pedulo katatu, mulileke, ndipo muwerenge mpaka liime. Lembani nambalayo m'kope, pamodzi ndi mau onse amene mwamva. Masana, njinga itakhala padzuwa, citaninso cimodzimodzi. Mubwere ndi manambala onse awiri m'kalasi.