OKWERA NJINGA PA MIYALA APEZA THANDIZO M'MASEWERA A YOGA

MUNTHU ali yense amene anachovapo njinga adziwa kuti njinga ikamathamanga siivuta kuiwongolera, koma ikangoima, phazi liyenera kutsika msanga kuti mwini wake asagwe. Wonyamula matumba a cimanga kapena a makala adziwa bwino zimenezi akafika pa kamlatho ka mitengo, pakuti pamenepo ambiri amatsika ndi kuyamba kukankha. Komatu ku maiko a ku Europe ndi ku America kuli masewera ena a njinga amene lamulo lake lalikulu ndi lakuti phazi lisakhudze pansi, ngakhale njinga itaima cilili pamwamba pa mwala.

Masewerawa amachedwa trials, ndipo liuli litanthauza mayeso. Pa mpikisano wake sipakhala kuthamangitsana ai. Akulu-akulu amakonza bwalo lokhala ndi miyala ikulu-ikulu, zipika, migolo ndi matabwa, ndipo wokwera njinga ali yense amalowa yekha, nayamba kulumpha kucokera pa cinthu cimodzi kupita pa cinzake, nthawi zambiri ataima pa gudumu la kumbuyo lokha. Malinga ndi lamulo lakale la masewerawa, phazi likagunda pansi woweruza amalemba colakwa cimodzi, ndipo zolakwa zikakwana zisanu ndiye kuti munthuyo walephera cigawo cimeneco. Njinga zake ndi zacilendo ndithu. Zambiri ziribe mpando pakuti mwini wake sakhala pansi, magudumu ake ndi a mainchi 20 kapena 26, matayala sawapopa kwambiri kuti azigwira mwala, ndipo mabuleki ake amaluma kotero kuti gudumu limaima nthawi yomweyo.

Kumene anacokera

Oyamba kupikisana motere anali a njinga zamoto ku Britain, ndipo mpikisano wao wochuka wa masiku asanu ndi limodzi ku Scotland unayamba m'caka ca 1909. M'zaka za m'ma 1970, ku cigawo ca Catalonia m'dziko la Spain, ana anayamba kutsanzira akulu ao pa njinga zakapalasa. Bambo Pere Pi, amene anali kugwira nchito pa kampani ya njinga zamoto ya Montesa, anakonza kanjinga koyenera masewerawa, ndipo mwana wao Ot Pi anadzapambana mpikisano wa dziko lonse lapansi kambiri-mbiri.

M'zaka zomwezo, kutali ku California m'dziko la America, anyamata ena anali kutsika phiri pa njinga zakale za matayala onenepa. Mpikisano wao woyamba, wochedwa Repack, unacitika m'mwezi wa October 1976, ndipo pofika 1981 njinga za m'mapiri zinayamba kupangidwa zambiri m'mafakitale. Magulu awiriwa sanacedwe kudziwana. Mmodzi wa amene anawalumikiza ndi Bambo Hans Rey, obadwira ku Germany, amene anasamukira ku California m'caka ca 1987 nayamba kuonetsa luso la trials pa njinga ya m'mapiri. Okwera m'mapiri anaona kuti munthu wodziwa kuimitsa njinga osatsika ndi kunyamula gudumu la kutsogolo amadutsa pa mizu ndi m'miyala pamene anzake akukankha, ndipo kuyambira pamenepo ambiri akhala akuphunzira luso limeneli.

Thupi ndilo limalipira

Anthu oonerera amaomba m'manja, koma sadziwa zimene thupi la woseweralo likumva. Bambo Danny MacAskill a ku cisumbu ca Skye ku Scotland anali makaniko wa njinga mu mzinda wa Edinburgh pamene mnzao wina anawajambula kanema wa mphindi zisanu ndi theka. Kanemayo anaikidwa pa YouTube m'mwezi wa April 2009, ndipo anthu mamiliyoni anawaona akuyendetsa njinga pamwamba pa mpanda wa zitsulo zosongoka. Anachuka msanga, koma pa nthawi yocepa yotsatira anathyoka fupa la paphewa katatu, ndipo m'caka ca 2012 madokotala anawacita opaleshoni ya msana.

Zoopsa koposa zinagwera Bambo Martyn Ashton a ku England. Pa 1 September 2013, akuonetsa masewera pa bwalo la Silverstone, anagwa cagada kucokera pa citsulo cotalika mamita atatu. Mafupa awiri a msana anacoka m'malo mwake, ndipo kuyambira tsiku limenelo miyendo yao siigwiranso nchito. M'caka ca 2015 anakweranso njinga m'mapiri a ku Wales, atamangiriridwa pa mpando wokonzedwa mwapadera, anzao akuwagwirira ponyamuka ndi poima.

Ngozi zotere ndizo zimamveka m'nkhani. Koma pali vuto lina limene limadza mwakacetecete, ndipo ndi limene limagwira anthu oculuka. Munthu wochova njinga amakhala cowerama maola ambiri, kotero kuti minofu ya kutsogolo kwa ciuno ndi ya kuseri kwa nchafu imaumirira, mapewa amapindikira kutsogolo, ndipo msana wa m'munsi umayamba kuwawa. Wa trials ali ndi lake lina: poima pa mapedulo amatsogoza phazi limodzi lomwelo nthawi zonse, lamanja kapena lamanzere monga anazolowera, ndipo amalumpha motero kambiri-mbiri pa tsiku kwa zaka zambiri. Mbali imodzi ya thupi imalimba kuposa inzake, ndipo ciuno cimakhala ngati copotoka. Polumpha kucokera pamwamba, mphamvu yonse ya kugwako imathera m'mikono, m'mawondo ndi mu msana, pakuti njinga zimenezi ziribe masipuling'i ofewetsa.

Goli la ku India

Apa ndi pamene panalowera yoga. Mwambo umenewu unayambira ku India zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo dzina lake licokera ku liu la cinenero cakale ca Sanskrit lotanthauza kumanga m'goli. Mlimi wa ng'ombe amva msanga tanthauzo lake: ng'ombe ziwiri zikamangidwa m'joko limodzi zimakoka pulawo mofanana, ndipo eni ake a mwambowu amati thupi ndi maganizo ziyenera kukokera pamodzi comweco. Wocita yoga amayala kamphasa pansi, naimika kapena kupinda thupi lake mwa njira zosiyana-siyana, nakhala momwemo kwa kanthawi akupuma pang'ono-pang'ono ndi mphuno. Bungwe la United Nations linagwirizana m'mwezi wa December 2014 kuti pa 21 June caka ciri conse pakhale tsiku lokumbukira yoga.

Ndi zoona kuti yoga iri ndi mizu m'zipembedzo za ku India, ndipo pa cifukwa cimeneci anthu ena opemphera safuna kuiyandikira. Okwera njinga ambiri amangotengako mbali ya kuwongola thupi ndi kapumidwe, monga mmene a mpira amadziwongolera asanalowe m'bwalo.

Munthu amene adziwika kwambiri pa kuphatikiza ziwirizi ndi Bambo Ryan Leech a ku cigawo ca British Columbia m'dziko la Canada, amene anabadwa m'caka ca 1979. Iwo anakwera njinga za kampani ya Norco kwa zaka zambiri, anaonetsa luso lao m'masukulu ndi pa zionetsero, ndipo anaseweranso ndi gulu lochuka la zisudzo la Cirque du Soleil. Anali odziwika poyendetsa njinga pa zinthu zopyapyala monga zitsulo za m'mbali mwa masitepe ngakhale unyolo wopacikidwa pakati pa mizati.

Koma cimene anzao amawakumbukira naco kwambiri ndi kanema wao wochedwa Manifesto. Okwera trials ambiri akafika pamwamba pa mwala amayamba kudumpha-dumpha pang'ono ngati mpheta kuti adzikonze asanalumphenso. Bambo Leech anadziikira lamulo lakuti m'kanemayo asacite timadumphidwe timeneti, koma acoke pa cinthu cimodzi kupita pa cinzake mosalala, popanda kudzikonza. Kwa munthu wosadziwa, zimenezi zimaoneka zosavuta kuposa zinazo. Kwa wodziwa ndi nchito yaikulu, cifukwa wokwerayo sakhalanso ndi pobisira colakwa cake.

Bambowa atayamba kumva zowawa za m'thupi zimene nchitoyi imabweretsa, analimbikira yoga, mpaka anaphunzira ndi kulandira setifiketi ya uphunzitsi wake. Anayamba kuyenda m'misonkhano ya okwera njinga, kumene anali kuphunzitsa yoga ndi kukwera njinga pa tsiku limodzi. Anyamata amene anazolowera matope ndi zipsera anapezeka atavula nsapato, ali pa timphasa, akuvutika kuti zala za m'manja zifike ku mapazi.

Cimene ziwirizi zifanana

Luso loyamba la trials ndi kuima pa njinga malo amodzi. Wokwera amakhotetsa pang'ono gudumu la kutsogolo, naimirira pa mapedulo, ndipo njinga ikafuna kugwera mbali ina amaikankha pang'ono kutsogolo kapena kuilola ibwerere m'mbuyo. Woonerera amaganiza kuti munthuyo waima nji, koma thupi lake likudzikonza nthawi yonseyo. Wophunzira yoga akauzidwa kuima ndi mwendo umodzi amapeza zomwezo: phazi limanjenjemera pang'ono, maso ayenera kuyang'ana malo amodzi, ndipo akangolimbitsa thupi lonse ngati mtengo amagwa.

Cinanso ndi mantha. Munthu akaima pamwamba pa khoma nayang'ana pansi, mpweya amaugwira osadziwa, manja amafinya mahandulo, ndipo mapewa amauma. Thupi louma silingathe kudzikonza msanga, kotero kuti mantha a kugwa ndiwo amamgwetsa. Wozolowera kupuma mofatsa pamene minofu ikuwawa pa mphasa amatha kucita comweco ali pa mwala. Aphunzitsi a yoga amalimbikitsanso munthu kumvera thupi lake ndi kuleka pamene lakana, ndipo pa masewera amene anthu oonerera amafuula kuti munthu alumphe kucokera pamwamba koposa, mwina phunziro limeneli ndilo lofunika kuposa kufewa kwa minofu.

Nanga madokotala akuti ciani? M'caka ca 2017 bungwe la madokotala la American College of Physicians linalangiza kuti wodwala msana wa m'munsi kwa nthawi yaitali ayambe wayesa njira zosafuna mankhwala, ndipo yoga inachulidwa pakati pa njirazo. Kafukufuku wina amene anasonkhanitsidwa caka comweco ndi bungwe la Cochrane anaonetsa kuti yoga imacepetsako ululu pang'ono poyerekeza ndi kungokhala, koma sanapeze umboni wokwanira wakuti iposa masewera ena olimbitsa thupi. Tsono amene amaitama ngati mankhwala a matenda onse amapyola muyeso. Siilunzanitsa fupa lothyoka, siilowa m'malo mwa cisoti colimba ca kumutu, ndipo munthu wodzipinda mokakamiza popanda womuonetsa akhoza kudzipweteka nayo. Ululu wa msana wotsikira ku mwendo, kapena wodza pamodzi ndi dzanzi, ufunika kucipatala.

M'caka ca 2015 Bambo Leech anatsegula sukulu yao pa intaneti, m'mene maphunziro a njinga ndi a yoga amapezeka pamodzi. Phunziro lao lochuka ndi la masiku 30, lophunzitsa munthu kuyenda pa gudumu la kumbuyo lokha, cinthu cimene anyamata a m'midzi ndi m'makomboni muno m'Zambia amaciyesanso pa njinga za makolo ao. Asanayambe kunyamula gudumu kwambiri, wophunzira ayenera kuzolowera kusunga cala pa buleki ya kumbuyo, pakuti njinga ikafuna kumgwetsa cagada, kukhudza bulekiyo pang'ono kumabwezera gudumu la kutsogolo pansi.