Maola ochepa pa Likoma, likodzo n'kubwera nalo ku Mzuzu

Mng'ono wanga anakwera Ilala pa Nkhata Bay, ulendo wa ku Nkhotakota. Sitima itaima pa Likoma kutsitsa ndi kukweza katundu, iye ndi anzake anatsika, anakaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's, anajambulitsa pansi pa milambe, kenako dzuwa litawaotcha anadziponya m'madzi. Akuti madzi ake anali oyera moti ankaona zala zakumapazi pamchenga. Atabwerera ku Mzuzu sabata yomweyo anagula mapiritsi a praziquantel pafamase, n'kumwa, mtima n'kukhala m'malo.

Patatha miyezi itatu ndinamuperekeza kuchipatala china mumzinda muno chifukwa mkodzo wake unkathera ndi madontho a magazi. Atauyeza anapezamo mazira a likodzo.

Kunena za Likoma sikuipitsa mbiri ya chilumbacho. Zimenezi zikanatha kumuchitikira pa Chizumulu, ku Usisya kapena pagombe lililonse pamene Ilala imaima patali, anthu n'kutsikira m'maboti ang'onoang'ono kenako kumalizitsa ulendo wapansi m'madzi ofika m'mawondo, katundu ali pamutu. Sitimayi yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, ndipo ambiri mwa amene imawanyamula kuchokera kuno kumtunda amaganiza kuti likodzo ndi la asodzi ndi ana awo basi.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya mapiritsi ija. Yafala pakati pa anthu ophunzira ndithu, a m'maofesi ndi ana a pa yunivesite, yakuti ukasamba kunyanja Loweruka umwe praziquantel Lolemba, watha nazo. Limeneli ndi bodza, ndipo loipa kuposa kusamwa n'komwe, chifukwa munthu amadziona ngati wachira pamene tinjoka ta likodzo tikungoyamba kumene kukula. Kuti timvetse, titsatire ulendo wa kachilomboka.

Munthu wodwala likodzo akakodza m'madzi, mazira amene ali mumkodzo amaswa. Kamene kamatulukamo sikangalowe mwa munthu wina ayi. Kamasakasaka nkhono ya mtundu wa Bulinus, ndipo kakapanda kuipeza tsiku lomwelo kamafa. Kakaipeza kamalowa, n'kuberekana m'kati mwa nkhonoyo kwa milungu ingapo, mpaka kamodzi kaja kusanduka tizilombo zikwizikwi ta michira ya mphanda. Timeneti timatuluka m'nkhono masana, dzuwa lili paliwombo, nthawi yeniyeni imene mlendo amalakalaka kusamba. Sitioneka ndi maso. Tikakhudza khungu timaboola m'mphindi zochepa chabe, mchira n'kuusiya kunja. Sipafunika bala, sipafunika kumwa madziwo.

Tikalowa timayenda ndi magazi kudutsa m'mapapo mpaka m'mitsempha ya pachiwindi, kumene timakula n'kupezana chachimuna ndi chachikazi. Chachimuna chimakumbatira chachikazi mumphako ya pathupi pake, ziwirizo n'kusamukira m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo, kumene zimatha kukhala zaka zitatu mpaka zisanu, chachikazi chikuikira mazira mazanamazana tsiku lililonse. Dzira lililonse lili ndi kaminga kunsonga. Ena amabowola khoma la chikhodzodzo n'kutuluka ndi mkodzo, ndiwo magazi aja. Ambiri amakanirira m'minofu, thupi n'kumalimbana nawo mpaka pamalopo kuuma ngati chipsera. Choncho chodwalitsa munthu ndi mazirawo, osati njoka zenizenizo.

Tsono praziquantel amapha bwino njoka zokhwima. Tating'ono ta masiku awiri kapena milungu iwiri samatikhudza kwenikweni. N'chifukwa chake madokotala amati munthu adikire milungu 6 mpaka 8 kuchokera tsiku lomaliza kulowa m'madzi. Ndipo mlingo wake umatsata sikelo, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, osati mapiritsi awiri ongoganizira amene mnzako wakugawira m'basi. Mng'ono wanga anaphonya zonse ziwiri.

Bodza lachiwiri ndi la madzi oyera. Kale anthu ankati likodzo lili m'zithaphwi, m'madambo ndi m'bango mokha, pamchenga poyera pomwe pali mafunde palibe. Zoona, nkhono ya Bulinus globosus imakonda malo a zomera ndi madzi odekha. Koma nyanja yathu ili ndi nkhono yakeyake, Bulinus nyassanus, imene imakwiririka mumchenga weniweniwo, ndipo ofufuza anatsimikiza ku Cape Maclear kuti nayonso imafalitsa matendawa. Akatswiri monga Jay Stauffer ndi Henry Madsen anaonanso kuti nkhonozi zinachuluka pamene nsomba zodya nkhono, monga Trematocranus placodon, zinachepa chifukwa cha kusodza kopyola muyeso m'mphepete mwa nyanja. Khoka la maso ang'onoang'ono likamakokolola tiana ta nsomba pagombe, dziwani kuti likuweta nkhono. Mu 1992 anthu awiri a ku America ogwira ntchito za Peace Corps amene anasamba ku Cape Maclear anadwala kwambiri mazira atafika kuubongo ndi kumsana. Ndipo mu 2017 kugombe la Mangochi kunapezeka nkhono ya Biomphalaria, yofalitsa likodzo la m'matumbo, limene mazira ake saonekera mumkodzo.

Za amene amati mnyamata akakodza magazi ndiye kuti wakula, sindifuna kutayapo nthawi. Mwanayo akudwala, ndipo chikhodzodzo chimene chakhala ndi mazira zaka zambiri chikhoza kudzagwidwa khansa, impso nazo n'kuwonongeka. Koma pali china chimene chikupasula mabanja mwakachetechete. Mazira aja amakhazikikanso m'njira ya chiberekero, mayi n'kumatuluka chikazi chachilendo, kumva kuwawa pokhala malo amodzi ndi bambo, ngakhale kutaya magazi. Kwa abambo magazi amatha kuoneka mu umuna. Zizindikirozi zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana, ndiye m'nyumba mumabuka kulozana zala, mayi n'kumamwa mankhwala a chinzonono kambirimbiri osachira. Likodzo silipatsirana pamphasa. Popanda nkhono ndi madzi, munthu sangampatsire mnzake.

Ena amayamba ndi kutentha thupi, chifuwa ndi zidzolo patangotha milungu yochepa, n'kumayezetsa malungo osawapeza. Dokotala wa ku Mzuzu, kuno kozizira kopanda nyanja, sangalote kuti munali pa Likoma. Muuzeni nokha tsiku limene munalowa m'madzi, ndipo mkodzo wokayezetsa ukhale wa masana, pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko, pamene mazira amatuluka ambiri.