Chifukwa Chake Eni Malonda Athandiza Zipani pa Chisankho

Ku Namwera, pa msewu wochokera ku Mangochi kunka kumalire a Chiponde, chisankho chikayandikira, malole ndi petulo za misonkhano ya zipani kawirikawiri zichokera kwa eni malonda. Si kukoma mtima kokha ayi. Boma ndilo wogula wamkulu m'dziko muno, ndiponso ndilo ligawa ziphaso ndi ntchito za misewu. Tsono wamalonda afuna kuti wopambanayo adzamkumbukire. Ochenjera apatsa mbali zonse.

Lamulo la zipani la 2018 linalamula kuti mphatso yofika K1 miliyoni yochokera kwa munthu, kapena K2 miliyoni yochokera ku bungwe, iziululidwa kwa Mlembi wa Zipani. Koma lole yobwerekedwa tsiku limodzi pa Namwera nkovuta kuilondola m'mabuku.