Msonkho umabwezedwa, koma pepala la pachipata lisatayike

Si katundu yense wolowa pachipata cha Mwanza kapena Dedza yemwe amathera m'mashopu a ku Limbe ndi Lilongwe. Wina amangogona m'dziko muno masabata angapo kenako n'kupitirira wa ku Chipata m'dziko la Zambia kudzera pa Mchinji. Nanga msonkho wa katundu wotereyu ukhala bwanji?

Msonkho wa kasitomu amadulira katundu yemwe agwiritsidwe ntchito m'dziko muno. N'chifukwa chake pali nyumba zosungiramo katundu zotchedwa bonded warehouse. Mwini nyumbayo amatenga chilolezo kubungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority (MRA), lomwe lidayamba ntchito mu 2000, ndipo amapereka chikole chotsimikiza kuti boma silitaya ndalama.

Katundu akadali m'menemo, msonkho umadikira. Akamtulutsa kuti agulitsidwe pamsika wa kuno, mwini wake amalipira. Akapita kunja, ngongoleyo imafufutidwa. Kwa wamalonda wa mpamba wochepa, apa ndi popumira, poti ndalama zake sizikhala zomangika kuboma.

Nkhani imavuta kwa amene adalipira kale msonkho kenako n'kupeza wogula kunja. Iyeyu ayenera kupempha kuti ndalama zibwerere, zomwe akasitomu amazitcha duty drawback. Makampani omwe amaitanitsa zipangizo, monga nsalu, n'kusoka zovala zogulitsa kunja, nawonso amadalira njirayi.

Komatu boma silibweza ndalama chifukwa cha mawu apakamwa. Limafuna chikalata cholowetsera katundu, lisiti la msonkho, ndi umboni wa pachipata woti katundu yemweyo adatulukadi. Mabelo 200 akalowa koma pepala n'kuonetsa kuti adatuluka 150, enawo amawerengedwa kuti adatsala muno.

Kukhwimitsa zinthu kotereku kuli ndi gwero lake. Ku Britain, amalonda ena a fodya wochokera ku Virginia ankalandira ndalama zobwezedwa ponena kuti fodyayo wapita kunja, koma n'kumutsitsanso mwakabisira kugombe. Mu 1733, nduna yaikulu Robert Walpole idafuna kuti fodya ndi vinyo zizisungidwa m'nyumba zoyang'aniridwa ndi boma. Amalonda adakwiya kwambiri mpaka ganizolo lidachotsedwa, ndipo dongosololi lidakhazikika m'malamulo mu 1803. Ku America, komwe kubweza msonkho kudayamba mu 1789, boma limabweza mpaka 99 pa 100 iliyonse.

Chinyengo chomwecho n'chotheka lero: lole yolembedwa kuti ikupita ku Zambia ikhoza kutsitsa katundu usiku isadafike pa Mchinji, n'kumagulitsidwa motchipa kuposa wa anthu omwe adalipira msonkho.

Koma wolira kawirikawiri sakhala wakuba ayi. Amakhala wamalonda wachilungamo yemwe dalaivala wake adawoloka chipata mwachangu osadinditsa mapepala. Katundu ali ku Chipata, wogula walandira, koma m'mabuku a kasitomu mabelowo akadali ku Malawi.