MSANA UKAPWETEKA MPAKA KU MWENDO

Tsiku lina ndikuyendera zitsime m'mudzi wina, anyakwaŵa adandipempha kuti ndikazonde mng'ono wao amene adali chigonere kwa masabata atatu. Bambowo adandifotokozera kuti matenda adayamba pamene ankatsitsa thumba la feteleza la makilogalamu 50 m'ngolo. Adaŵerama, nalinyamula uku akutembenuka, ndipo pomwepo adamva ululu wonga wa mkondo m'chiuno. Kutacha ululuwo udatsikira ku thako, kuseri kwa ntchafu, mpaka ku chala chachikulu cha phazi. Msana wonse udali mphini zokhazokha, poti achibale adaganiza kuti mbale waoyo adaponda mankhwala kumunda.

Si ufiti ai, aŵerengi athu. Fupa la msana si limodzi monga ndodo, koma ndi mafupa ang'onoang'ono osanjikizana, ndipo asanu mwa iwo ali m'chiuno, m'mene mumathera kulemera kwa thupi ndi kwa katundu yense amene tisenza. Pakati pa fupa ndi fupa linzake pali kachichereŵechere kozungulira kamene madokotala amati disiki. Ntchito yake ndi yonga ya nkhata imene mai amaika pakati pa mutu ndi ndowa. Kunja kwake ndi kolimba ngati mphira, koma m'kati mwake ndi mofeŵa ngati phala lolimba. Munthu akamakula khungu lolimbalo limayamba kutha, ndipo tsiku lina likang'ambika, zofeŵa zija zimatulukira kumbuyo ndi kukanikiza mtsempha wonyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi mwendo. Kaŵirikaŵiri zimenezi zimachitika pa nkhata ziŵiri za pansi penipeni, ndiponso kwa anthu a zaka za pakati pa 30 ndi 50, amene ndiwo eni khasu. Fodya amafulumizitsa kutha kwa nkhatazi.

N'chifukwa chake mwendo umaŵaŵa, kuchita dzanzi kapena kuyaka ngati moto, chonsecho mwendowo ulibe bala. Wodwala akatsokomola, kuyetsemula kapena kukhala pansi nthaŵi yaitali, ululu umakula. Madokotala aŵiri a ku Boston, William Mixter ndi Joseph Barr, ndiwo adaonetsa poyera m'chaka cha 1934 kuti gwero la ululu wotere wa m'mwendo lili ku msana. Kutema mphini pa katumba kuli ngati kuthira madzi pa utsi moto uli kwina. Ndiponso lezala limodzi lotemera anthu angapo likhoza kufalitsa HIV ndi matenda a chiŵindi.

Chimene ndidauza bambo aja, ndipo ndifuna kuti inunso muchisunge, ndi ichi: odwala ambiri amachira popanda opaleshoni, m'kati mwa masabata 6 mpaka 12. Thupi lokha limayamwa pang'onopang'ono zofeŵa zotuluka zija, ndipo kutupa kwa mtsempha kumaphwa. Kale ngakhale a chipatala ankalangiza munthu kugona pa bedi lolimba kwa masabata ambiri. Lero tidziŵa kuti kugona kotereku kumafoola minofu ndi kuchedwetsa kuchira. Ululu ukakhala woopsa pumulani tsiku limodzi kapena aŵiri basi. Kenaka dzukani, yendani pabwalo, maŵa lake mufike kwa anansi, tsiku linalo ku msika. Khasu, nkhwangwa ndi matumba zidikire kaye. Pogona, gonani cham'mbali mutaika mtsamiro kapena chitenje chopinda pakati pa maondo. Nsalu yoviikidwa m'madzi ofunda imatonthoza minofu youma.

Ku chipatala chaching'ono mungapatsidwe Panado kapena Brufen. Brufen amwedwe mutadya, ndipo amene ali ndi zilonda za m'mimba, matenda a impso, kuthamanga kwa magazi, kapena mai woyembekezera, anene msanga asanalandire. Ndimadandaula kuona anthu akugula mapiritsi osadziŵika pa msika ndi kumwa mitundu itatu nthaŵi imodzi. Impso zikaonongeka, msana umakhala nkhani yaing'ono. Musaumirire kujambulidwa, pakuti X-ray imaonetsa mafupa koma osati nkhata ija. Makina oionetsa bwino ndi a MRI, ndipo amafunika kwa odwala ochepa okha. Kumene kuli alangizi a mafizo, pemphani kuti akuphunzitseni kulimbitsa minofu ya pamimba ndi ya msana.

Komabe alipo ena amene sayenera kudikira ngakhale usiku umodzi. Ngati wodwala msana alephera kukodza, kapena mkodzo ndi chimbudzi zingotuluka iye osadziŵa; ngati achita dzanzi pakati pa miyendo, pamalo pokhudza chishalo cha njinga; ngati miyendo yonse iŵiri yafooka, kapena phazi layamba kukwekwereza pansi poyenda, mitsempha yapanikizika koopsa. Funani galimoto tsiku lomwelo. A chipatala cha boma adzamutumiza ku chipatala chachikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe kapena Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene angachotse chokanikizacho. Kuchedwa masiku ochepa kungasiye munthu wopuwala moyo wake wonse.

Kuno kwathu tisaiŵalenso kuti si msana uliwonse wopweteka umene uli wa nkhata. Chifuwa chachikulu cha TB chimagwiranso mafupa a msana. Wodwala amene akuonda, kutentha thupi madzulo, kutuluka thukuta usiku, kapena amene wamera kalinunda pa msana, akayezedwe msanga, makamaka ngati ali ndi HIV. Chimodzimodzinso amene msana wayamba kuŵaŵa atagwa mu mtengo kapena pa ngozi ya njinga yamoto, ndi wokalamba amene ululu sumuleka ngakhale agone.

Mukachira, sinthani kanyamulidwe. Yandikirani katundu, pindani maondo msana uli woongoka, mufungatireni pa thupi, ndipo mukafuna kutembenuka sunthani mapazi, osapotoza chiuno. Thumba la makilogalamu 50 ndi la anthu aŵiri. Amai potula ndowa itanani mnzanu, ndipo polima ŵeramukani kaŵirikaŵiri.

Bambo aja adayamba kuyenda ndi ndodo sabata lomwelo. Pamene ndidabwerera m'mudzimo miyezi iŵiri itapita, ndidapeza akumanga nkhokwe, koma matumba akunyamula ndi ana ao.